Lipoti la msonkhano wa mabanja ogulitsa maswiti: okala ndi nyumba yoyamba

A wapampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu kuno ku Bangwe,

Munandituma ku Limbe kukakhala nawo pamsonkhano wa mabanja ochita malonda a maswiti, mabisiketi, mafilizesi ndi tina totsekemera, ndipo funso limene munandisenzetsa linali loti, kodi banja lodalira okala lingatuluke bwanji m'nyumba ya lendi n'kumanga yakeyake? Ndalemba lipotili kuti amene sadzapezeka Lamlungu nawonso amve zomwe zinakambidwa, komanso adziwe pamene ine ndaima, chifukwa si zonse zomwe ndinagwirizana nazo.

Anthu anachokera ku Ndirande, Chirimba, Zingwangwa, Lunzu, ena ku Zomba ndi ku Thyolo. Ambiri anali amayi. Otiyankhula anali bambo wa ku banki ina, mayi wa ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsana ndalama), wina wa ku khonsolo ndi mmisiri womanga. Koma amene anatsegula mitu ya anthu sanali pamndandanda wa alendo ayi. Anali mayi wina wa ku Zomba, wogulitsa maswiti pafupi ndi sukulu ya pulaimale, yemwe anamanga nyumba ya zipinda zitatu ndi ndalama za okala, ndipo okalayo ilipobe mpaka lero. Mawu akuti "ilipobe" ndiwo ofunika, chifukwa titafunsana muholomo, anapezeka angapo amene nyumba inafika palintala pamene mashelefu anali atayera kale.

Mayiwo anatiwerengetsa masamu a paketi imodzi. Tiyerekeze kuti paketi ya maswiti 100 mwapikula pa K4,000, ndipo switi imodzi mukugulitsa K50. Paketi ikatha muli ndi K5,000, phindu K1,000. Ndiye mwana wanu atole maswiti asanu popita kusukulu, alamu atenge asanu a ana awo: K500 yapita, theka la phindu, musanachotse ya minibasi yopita kokapikula, ya majumbo ndi ya chiphaso cha khonsolo. Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu wogwidwa. Malonda athuwa phindu lake ndi la tindalama ting'onoting'ono, ndipo poti ndi a banja, aliyense m'nyumba amaona ngati botolo la maswiti ndi lake. Kwa mayi wa ku Zomba uja anagwirizana kuti wotenga kanthu m'okala, kaya ndi bambo, mayi kapena mwana, azilemba m'kope, ndipo mwezi ukatha zimachotsedwa ku ndalama ya pakhomo. Ngongole ya achibale nayo imalembedwa m'kope lomwelo, ndipo amene sanabweze yakale satenganso ina.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse imene ndabwera nayo. Ndalama ya m'okala ili patatu ngakhale imakhala m'kabati imodzi: pali mpamba, pali malipiro a banja logwira ntchitomo, ndiye pali phindu. Nyumba imangidwe ndi phindu lokha. Mpamba ukangolowa m'thumba la simenti subweranso, chifukwa khoma silibereka ndalama, ndipo mukadzasamukira m'nyumbamo mudzapeza kuti chimene chinkakudyetsani chinafa.

Phindulo nalonso tisamaliwerenge ndi mtengo wa dzulo. Mukukumbuka kuti mu May 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anagulitsa katundu sabata imeneyo pamtengo wakale anaona ngati apindula, koma atapita kokapikula anabwerako ndi makatoni ochepa kuposa omwe anali nawo. Chomwechonso kumayambiriro kwa 2024, shuga atasowa m'masitolo m'dziko lomwe lili ndi minda ya nzimbe ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima. Ophika maswiti a mtedza ndi mafilizesi a malambe anazimva. Choncho phindu lenileni ndi chimene chatsala mutadzazanso shelefu mmene inalili. Chimenecho ndicho mugawe, gawo lina likulitse mpamba, gawo lina lipite kunyumba.

Mayi wa ku SACCO anawonjezera kuti bajeti ya nyumba tiziipanga ndi mwezi woipitsitsa, osati wabwino. Makasitomala athu ndi ana asukulu. Sukulu zikatsekera mu August malonda amazizira, mu January ndi February makolo amakhala atathera ndalama ku fizi, feteleza ndi chimanga, ndipo mu October mafilizesi amayenda koma magetsi akazima tsiku lonse mwataya zonse za mufiriji. Wolonjeza mmisiri ndalama ya mwezi ndi mwezi potengera malonda a December akudziputira mkangano.

Tsopano za ku banki. Bamboyo anafotokoza bwino ngongole yogulira kapena kumangira nyumba: amafuna chikalata cha umwini wa malo, umboni wa ndalama zolowa mwezi ndi mwezi, ndi gawo lina la mtengo wa nyumbayo kuchokera m'thumba lanu. Anayankhula mwaulemu ndipo sanabise kanthu, koma ine ndikuti ngongole imeneyi si ya ife pakadali pano. Mu February 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti, ndipo mabanki akamabwereketsa munthu wamba amawonjezerapo chawo. Tiyerekeze mwatenga K10 miliyoni pa 30 peresenti pachaka. Chiwongoladzanja chokha, miyezi yoyambirira, ndi K250,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Pa masamu a paketi aja, ndiye kuti mapaketi 250 mwezi uliwonse akugwirira ntchito banki, ana asanadye. Ndani wa ife amagulitsa chomwecho? Chimodzi chimene ndinatolapo n'chakuti ndalama za malonda zizidutsa kuakaunti kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba pa nambala ya bizinesi yokha, kuti tsiku lina pakadzafunika umboni udzapezeke. Za katapila sitinataye nazo nthawi. Ngakhale ngongole ya banki mkhonde yathuyi, ya 20 peresenti pamwezi, ndi yopikulira katundu wotuluka msanga, si yogulira malata.

Panabuka mtsutso pa nkhani yosunga. A ku SACCO amati tizisunga masheya kwa iwo, poti ngongole yawo imatengera masheya ako ndipo kumapeto kwa chaka pamakhala kagawo ka phindu. Mmisiri anati ndalama yogona, kulikonse kumene yagona, ikudyedwa ndi kukwera kwa mitengo, bola kuisandutsa katundu. Onse awiri ali ndi mfundo, koma ine ndapendekera kwa mmisiri, malinga tidziwe katundu woyenera kusunga. Malata, mafelemu a zitseko ndi mawindo, zitsulo, izi zimadikira zaka ngati zili pouma ndi potetezeka. Simenti ayi. Ikakhala miyezi itatu imayamba kuchepa mphamvu, ndipo chinyezi chikailowa imauma m'thumba momwemo. Mukagula simenti muumbiretu mabuloko sabata yomweyo, chifukwa buloko silivunda. Mmisiriyo anakumbutsanso kuti kuyambira 2018 njerwa zootcha zinaletsedwa pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo ngakhale pa nyumba ya munthu payekha, ukawerengera nkhuni, njerwa zosweka panjira ndi matope ambiri omangira, kutchipa kwa njerwa sikukhala kwakukulu monga timaganizira. Ndalama ya mwadzidzidzi, ya matenda ndi maliro, imeneyo ndiyo ikhale ku SACCO, kuti vuto likagwa tisagulitse malata.

Langizo lina la mmisiri uja linali loti tiyambe ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kumbuyo kwa poloti, chimbudzi ndi bafa, tisamukiremo, ndipo ndalama imene tinkapatsa alandilodi izipita kumaziko a nyumba yaikulu. Mmisiri muzipangana naye gawo ndi gawo, maziko pawokha, khoma mpaka palintala palokha, denga palokha, zolembedwa, ndipo zipangizo muzigula nokha. Zimene anthu amaiwala pa bajeti ndi madzi omangira, mayendedwe a mchenga ndi miyala, wolondera, pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, ndi ndalama yolumikizira madzi a Blantyre Water Board ndi magetsi a ESCOM.

Nkhani ya poloti inatenga nthawi yaitali ndipo inawawa. A ku khonsolo anati malo a mumzinda wa Blantyre ali m'manja mwa Unduna wa Zamalo, khonsolo, Malawi Housing Corporation kapena eni ake okhala ndi zikalata, ndipo poloti yokhalapo imene boma lapereka imakhala ya lizi, kawirikawiri ya zaka 99, yolipirira chaka ndi chaka. Kapepala ka amfumu a m'tauni kapena ka dobadoba si chikalata cha umwini. Musanapereke ndalama, kafufuzeni ku ofesi ya zamalo kuti malowo ndi a yani, mukafunse oyandikana nawo, ndipo mukaone malire ndi maso anu. Anthu angapo anaima kusimba mmene poloti imodzi inagulitsidwira kwa anthu awiri. Mayi wina wa ku Zingwangwa anangoti tisaiwale March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe. Malo a m'mphepete mwa phiri ndi m'mbali mwa mtsinje amatchipa pa chifukwa chake. Ifenso tili patsinde pa phiri, ndiye mfundoyi ndi yathu.

Pali chinthu chimene oyankhula onse sanachitchule, ndipo ndinachifunsa ine. Ambirife timalota nyumba yokhala ndi okala kumaso kwake, kuti lendi zonse ziwiri zithe tsiku limodzi. Koma poloti yotchipa imapezeka kumene kulibe anthu ambiri, ndipo kumene kulibe anthu kulibe ana ogula switi. Makasitomala sasamuka nafe. Mayi wa ku Zomba uja anavomereza kuti iye anamanga kutali koma okala anaisiya pomwepo pa njira ya kusukulu, ndipo amalipirabe lendi yake ndi ya kabaza tsiku lililonse. Walira mvula walira matope: amene akusamuka aike pa bajeti lendi ya okala ndi mayendedwe, kapena adikire poloti yodulirapo yomwe ili pafupi ndi sukulu, sitolo kapena siteji.

Amayi, iyi ndi yanu makamaka, ngakhale abambo muimvenso. Okala zambiri amakhalamo ndi mayi kuyambira mmawa mpaka usiku, koma poloti ikagulidwa imalembedwa dzina la bambo lokha, nthawi zina la achimwene awo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma kuyenda m'makhoti uli pachisoni si chinthu chofunira mnzako. Mayina onse awiri alembedwe pachikalata, ndipo malisiti a zipangizo asungidwe.

Zina zinali zachidule. Mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) ndi oletsedwa, choncho opanga mafilizesi ndi olongedza mtedza wa shuga ayambe kufunsa za muyesowu kumene akugula. Popikula tiziona tsiku lothera ntchito, makamaka pa katundu wotsitsidwa mtengo, ndipo ofuna kuika zophika zawo m'masitolo akuluakulu ayenera kudutsa ku Malawi Bureau of Standards.

Lamlungu ndidzapempha a wapampando kuti tikambirane zoyambitsa chipereganyu chapadera cha zipangizo, chosiyana ndi banki mkhonde, choti wolandira asamapatsidwe ndalama m'manja koma anthu awiri a komiti azipita naye kukagula malata kapena kukaumbitsa mabuloko. Maganizo anga ndi oti alowemo okhawo amene asonyeza kope la malonda la miyezi itatu, kuti tidziwe kuti chopereka chawo chikuchokera ku phindu. Ndikudziwa kuti ena adzati kope ndi chinsinsi cha banja, ndipo mwina tingagwirizane kuti azilionera msungichuma yekha. Tidzafunikanso kusankha anthu awiri oti akafunse ku khonsolo za mapoloti ndi ndalama zovomerezera pulani. Ndalama ya mayendedwe imene inatsala ndapereka kale kwa amayi msungichuma pamodzi ndi malisiti.

Ine nthumwi yanu.