Lipoti la ulendo wa ku Lusaka: mmene chidani chimayendera m'mafoni athu

A tcheyamani, akuluakulu ndi mamembala nonse,

Munatituma awiri ku Lusaka kukamva mmene mawu a chidani ndi ziphunzitso zachiwawa zimafalira pa intaneti. Tabwerako bwino. Chachikulu chimene tanyamula ndi chakuti eni Facebook, TikTok ndi WhatsApp sangatilondere m'chilankhulo chathu. Ulonda uli m'manja mwa ma admin a magulu athu a mpingo, a pamsika ndi a makalabu a alimi kuno ku Chipata.

Tiyambe ndi makinawo. Facebook ndi TikTok sizikuonetsani nkhani motsatira nthawi imene inalembedwa. Muli pulogalamu, algorithm, yowerenga zochita za anthu: ndani waima pa vidiyo, masekondi angati, ndani wayankha, ndani wagawa. Chokopa anthu ambiri chimakankhidwira kwa enanso, ndipo palibe chokopa munthu ngati mkwiyo. Zikalata za mkati mwa Facebook zimene Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito kumeneko, anatulutsa mu 2021 zinasonyeza kuti nthawi ina kankhope kamodzi, ngakhale kokwiya kaja, kankawerengedwa ngati ma like asanu. Apa mpamene anthu a mtima wabwino timalakwira. Wina akanyoza mtundu wa anzathu, timathamangira pansi pake kukamdzudzula, osadziwa kuti tikusonkhezera moto. Makina sasiyanitsa wodzudzula ndi woombera m'manja. Amangoona khamu, n'kuitana ena.

WhatsApp njosiyana, ndipo kwathu kuno ndiyo yodetsa nkhawa kwambiri. Mauthenga ake ndi otsekedwa moti kampaniyo siwawerenga. Chimene chimawayendetsa ndi chikhulupiriro: wachokera kwa alamu, kwa amalume, kwa amayi a kumpingo, ndiye ungakane bwanji? Mvetserani bwino voice note yoopseza, mudzapeza kuti kapangidwe kake ndi kamodzi. Wolankhula satchula dzina lake, satchula tsiku, malo amangoti "kuno kwathu", mpweya uli m'mwamba, n'kumaliza ndi "gawani msanga abale asagone". Poti mulibe tsiku, uthenga wa zaka zitatu zapitazo umadzukanso ngati wa usiku wathawu. Tisaiwale kuti mu April 2016 mphekesera za kupha anthu pofuna zizimba zinathyoletsa masitolo a anthu ochokera ku Rwanda ku Lusaka, ndipo mu 2020, nthawi ya gassing, pamene kunkamveka zoti anthu akupoperedwa mpweya wa poizoni m'nyumba, anthu ambiri anaphedwa ndi khamu pongoganiziridwa.

Kampani ya WhatsApp inaikako mabuleki. Kuyambira 2019 uthenga umagawidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo kuyambira 2020 uthenga woyenda kwambiri, wokhala ndi timivi tiwiri pamwamba, umapita kumodzi kokha. Koma gulu limodzi limatha kukhala ndi anthu 1,024, komanso munthu akakopera mawuwo n'kuwatumiza ngati ake, timivi tija timasowa.

Chidani sichiyamba ndi chikwanje. Chimayamba ndi nthabwala, kenako anthu a mtundu wina kapena chipani china amapatsidwa dzina la chilombo, monga wailesi ya RTLM ya ku Rwanda inkatchulira Atutsi kuti inyenzi, mphemvu, mu 1994. Pambuyo pake pamabwera zoti "akubwera kudzatilanda", kuti chiwawa chioneke ngati kudziteteza. Olemba anthu m'magulu achiwawa amayang'ana amene akuyankha mwaukali pagulu, n'kumutsatira ku inbox, kumuyamikira, kumugulira bando, kumulonjeza ntchito, kenako kumulowetsa m'kagulu kobisika ka Telegram kumene kulibe womutsutsa. Si za kutali izi: ku Cabo Delgado, m'dziko loyandikana nafe la Mozambique, zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira 2017.

Tinakhalitsa pa nkhani ya chimbuya, ubale wa nthabwala pakati pa mitundu, chifukwa ndiyo imasonyeza kufooka kwa makina. Mngoni ndi Mbemba amanenana za mbewa ndi anyani pamaliro, onse n'kuseka. Mawu omwewo akalembedwa ndi akaunti yopanda nkhope sabata ya chisankho, kwa anthu osadziwana, asanduka china. Kompyuta siingadziwe zimenezi, makamaka ngati zalankhulidwa m'Chinsenga kapena m'Chinyanja cha m'tauni chosakaniza. Ku Myanmar, Facebook inavomereza yokha mu 2018 kuti sinachite zokwanira poletsa mawu a chidani, anthu a mtundu wa Arohingya oposa 700,000 atathawa kale m'dzikolo. Muyeso wa Rabat wa 2012, wa United Nations, ungathandize admin kuweruza ngati mawu ali oyambitsa chidani pofunsa kuti: zinthu zili bwanji m'dera, wolankhula ndani, akufuna chiyani, wanena motani, zafika kwa angati, ndipo zingavulaze munthu kodi?

Zochita uthenga woipa ukagwa m'gulu: jambulani screenshot yoonetsa nambala ndi nthawi musanafufute, chifukwa umboni ukapita wapita. Fufutirani onse, admin ali ndi masiku awiri okha ochitira zimenezi. Mukaona kuti mitima yatentha, sinthani gulu kuti olemba akhale ma admin okha kufikira m'mawa. Wotumizayo muimbireni foni, musamuyalutse pagulu, pakuti wochititsidwa manyazi amakatsegula gulu lake. Pokonza bodza musabwerezenso voice note ija. Nenani chimene mwatsimikiza ndi kumene mwachimva, kaya kupolisi kaya kwa a mfumu. Mukadina Report, mauthenga asanu omaliza a munthuyo amapita ku WhatsApp. Ngati patchulidwa dzina la munthu, nyumba kapena sitolo, pitani kupolisi nthawi yomweyo, musadikire kucha. Gawo 70 la Penal Code, malamulo a milandu a Zambia, limaletsa kunyoza anthu chifukwa cha mtundu kapena kumene akuchokera.

Ena pamsonkhano ankati boma lizingotseka intaneti, monga WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwera pa chisankho cha 12 August 2021. Ife tinakana. Mphekesera imayendabe pakamwa ndi pa SMS, pamene wofuna kuitsutsa mwamutseka pakamwa, ndipo wogulitsa malonda pa foni mwamuphera msika.

Pempho lathu ku komiti ndi lakuti gulu lililonse likhale ndi ma admin osachepera atatu, mmodzi wogona mochedwa, ndiponso kuti kulowa m'gulu kuzidikira chilolezo cha admin m'malo mongodina link. Tikambirane pamsonkhano ukubwerawu, aliyense abwere ndi foni yake yodzaza moto.