Za ndulu ya amuna ako ndi botolo la amayi

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako yochokera ku Leeds, ku England, ndaiwerenga katatu, ndipo ndathokoza Mulungu kuti thumba la ndulu la amuna ako analichotsa bwino, moti ayamba kumwa phala. Chimene chandisowetsa tulo ndi zimene unalemba kumapeto, zoti madokotala atayeza nduluyo anapezamo tizilombo totchedwa Lactobacillus, dzina lomwe lija lalembedwa pa botolo la makapisozi limene unatumizira amayi pa Khirisimasi.

Zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya unamwino, ndakhala ndikudziwa kuti thumba la ndulu limatupa kamwala kakatseka njira yotulukira ndulu, kenako tizilombo ta m'matumbo monga E. coli ndi Klebsiella timakwera n'kukaswana m'menemo. Lactobacillus tinkamutenga ngati wachibale, poti ndi amene amasasitsa chambiko ndi yogati, ndipo amakhala kale m'kamwa ndi m'matumbo mwathu. Zimene zagwera amuna akozi sizichitikachitika, komanso n'kutheka kuti tizilomboto tinachokera m'mimba mwawo momwemo osati m'makapisozi amene iwonso ankamwa, choncho usadziimbe mlandu. Komabe amene amagwidwa motere kawirikawiri ndi okalamba, odwala shuga kapena khansa, ndi ena amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. Amayi ali ndi zaka 74, ndipo shuga wawo ukumudziwa.

Botolo lija ndalichotsa pawindo pamene ankaliika pamodzi ndi Baibulo ndi magalasi awo, ndalitsekera m'sutikesi. Iwo akwiya, akuti ndikuwamana mankhwala a ku Ulaya, ndipo azakhali ako anandiimitsa pakhomo la tchalitchi n'kundiuza pamaso pa amayi a chigwirizano kuti ndikuchita nsanje chifukwa sindine ndinagula. Mawu amenewo akundibayabe mumtima. Ndinayesa kuwafotokozera kuti ngakhale ku America, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala la FDA linachenjeza zipatala mu 2023 za kuopsa kopatsa tizilombo totere makanda obadwa masiku osakwana, khanda lina litamwalira, koma anangoyankha kuti amayi si khanda.

Chonde uwafunse madokotala dzina la mankhwala amene akupereka, chifukwa mitundu yambiri ya Lactobacillus siimva mankhwala opha tizilombo otchedwa vancomycin, pomwe penicillin kapena ampicillin amathandiza. Ukaona kuti amuna ako atentha thupi, maso achita chikasu, kapena ululu wa pansi pa nthiti zakumanja wabwereranso mpaka kufika paphewa, usadikire kuti kuche.

Za chinkhoswe cha mwana wa achimwene ndidzakulembera tsiku lina. Chambiko chokha sindinawaletse amayi, popeza adya kuyambira utsikana wawo, ngakhale dzulo nditawaona akusunsamo nsima ndinakhala chete ndikuwerenga mbamu iliyonse. Magetsi azima, kandulo nayo yatsala pang'ono, ndipo ndimafuna ndikufunsenso kuti amuna ako ankamwa makapisozi angati pa tsiku.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.