Mwana wa ku Randburg

Achimwene,

Ndakondwa kumva kuti mwapeza nyumba ku Randburg, ku South Africa, ndipo alamu ndi ana afika bwino. Kuno ku Toronto tili bwino, kungoti chisanu chayamba kale kuluma.

Mwati mwana wanu wamkulu akukanirira kuti mumulembetse baseball, inu n'kumati amenewo ndi masewera a azungu opanda tsogolo. Komatu mwakhala pakhomo pa nkhaniyo. Kalabu ya Randburg Mets ndiyo inalera Gift Ngoepe, munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu Major League, ligi yaikulu kwambiri ya baseball ku America. Anabadwa mu 1990 ku Pietersburg, komwe pano akuti Polokwane. Mayi ake ankagwira ntchito pakalabupo, ndipo banjalo linkagona m'kachipinda ka panyumba ya kalabu yomweyo. Akangotuluka pakhomo ndiye kuti waponda kale bwalo.

A Pittsburgh Pirates, kalabu ya mu Major League, anamutenga mu 2008. Chaka chotsatira, akusewerera South Africa mu World Baseball Classic, mpikisano wa mayiko, anamenya ma triple awiri pamasewero amodzi ndi Mexico (triple ndi kumenya mpira n'kuthamanga mpaka pa base yachitatu mwa malo anayi omwe wothamanga amaponda pozungulira bwalo). Koma pafupifupi zaka 9 anathera m'matimu ang'onoang'ono, kuyenda pabasi usiku, malipiro ochepa, anzake achichepere akumudumpha. Mayi ake anamwalira mu 2013 asanaone zomwe ankayembekezera.

Chimene chinamusunga zaka zonsezo ndi manja. Ankasewera shortstop ndi second base, malo a ogwira mpira pafupi ndi base yachiwiri, omwe mpira umabwera ukudumphadumpha pansi mwaliwiro. Wosewera wabwino pamenepo sadikira kuti mpira umupeze. Amanyamuka womenya asanamalize n'komwe kuzunguza ndodo, amatsika m'chiuno, gulovu pansi, ndipo mpira ukangolowa, dzanja lina lautenga kale n'kuuponya ku first base, base yoyamba komwe womenya amathamangira, thupi lisanawongoke. Zonsezi m'masekondi anayi basi, apo ayi wothamanga wafika. Gift pamenepa anali katswiri, moti ambiri ankati m'matimu onse a Pirates panalibe womuposa pogwira mpira.

Tsiku lake lolowa mu Major League linafika pa 26 April 2017 ku PNC Park, bwalo la Pirates, akusewera ndi Chicago Cubs, omwe anali akatswiri a World Series, ndime yomaliza ya Major League. Ulendo wake woyamba kugwira ndodo anamenya mpira wa Jon Lester, woponya wa Cubs, n'kufika pa first base, misozi ili m'maso. Kwanuko nthawi imeneyo kunali kutalowa kale 27 April, tsiku la Freedom Day, lokumbukira ufulu ku South Africa.

Ndodo yomweyo ndiyo inamukanika pambuyo pake. Mu baseball, womenya bwino katatu pa maulendo 10 ndi dolo. Gift sanafike n'komwe kawiri pa 10, ndipo ankaphonya mipira kwambiri. Anagulitsidwa kuno ku Toronto Blue Jays, nasewerako pang'ono mu 2018, basi Major League inathera pomwepo, masewero 41 onse pamodzi. Ena kuno amati analephera. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa mwa anyamata omwe amasaina ndi makalabu amenewa, ambiri sapondako ngakhale tsiku limodzi. Mng'ono wake Victor nayenso anasainidwa ndi Pirates koma ku Major League sanafikeko.

Choncho mwanayo mupite naye Loweruka akaone. Gulovu musathamangire kugula, kaye muone ngati akalimbe mpira ukamumenya pachala. Akakonda, mundiuze dzanja lomwe amaponyera, ndidzatumiza kuchokera kuno.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine,
Mnzanu wa ku Toronto