Kwa osindikiza: buku lomaliza laphwanya malamulo a nkhani yake yomwe

Inu osindikiza, tikudandaula poyera chifukwa buku lachitatu, lotsekera nkhani ya mtsikana woitana mphepo, latuluka lisanapse.

Mabuku awiri oyamba anakhazikitsa lamulo lomveka: mphamvu ili ndi malipiro ake. Mtsikanayu akaitana mphepo, makutu ake amagontha pang'ono, osachiranso. Pofika kumapeto kwa buku lachiwiri ankachita kuyang'anitsitsa milomo ya anzake kuti adziwe zomwe akunena, ndipo achinyamata anamukonda chifukwa cha zimenezi. M'buku lomalizali akuitana namondwe katatu m'mitu iwiri, kenako n'kumva mdani akunong'ona kuseri kwa chitseko. Palibe ngakhale chiganizo chimodzi chofotokoza kuti makutuwo anatseguka liti. Ngati mphamvuyo yasanduka yaulere, nkhondo yomalizayo ilibenso mantha, pakuti palibe chomwe angataye.

Wolemba sitikumuloza chala yekha. Munthu amasochera m'nkhani yake ikatalika chonchi, n'chifukwa chake pamakhala mkonzi. Pa nkhani ya mabuku angapo mkonzi amasunga kaundula wa mayina, zaka za anthu, mitunda, malamulo a matsenga ndi mafunso omwe sanayankhidwe, ndipo mutu uliwonse watsopano amauyerekeza ndi kaundulayo. Izi zikanachitika, ulendo wa ku phiri womwe m'buku loyamba unatenga masiku 12 sukanayendedwa usiku umodzi wapansi. Mlongo wa mtsikanayu yemwe anagwidwa m'buku lachiwiri sakanaiwalika mpaka tsamba lomaliza. Mfiti yatsopano yopereka mpeni wopambanira nkhondo sikanangotulukira kutatsala mitu itatu, osatchulidwako kale n'komwe.

Palinso vuto la kusindikiza. Buku limasindikizidwa pa mapepala akuluakulu omwe amapindidwa kukhala timagulu ta masamba 16 kapena 32, kenako makina amasonkhanitsa timaguluto motsatana asanamate ndi guluu. M'makope ena masamba 193 mpaka 208 abwera kawiri, pomwe 209 mpaka 224 palibe. Kagulu kamodzi kanalowa m'malo mwa kanzake, ndipo palibe anatsegula bukulo kuti aone. Masamba osowawo ndi omwe muli imfa ya mphunzitsi wa mtsikanayu. Mwana wowerenga bukuli akungopeza anthu ali pamaliro osadziwa kuti wamwalira ndani.

Tiuzeni pano, pomwe aliyense aone, momwe ogula makope olakwikawo angasinthire popanda kulipiranso, ndipo masamba 16 osowawo muwaike pa intaneti lero lomwe. Musanasindikize kachiwiri, bwezani bukuli kwa mkonzi wina awerenge onse atatu motsatana, kaundula ali pambali. Zaulendo wa ku phiri n'zokonzeka ndi ziganizo zochepa. Za makutu ndi za mlongo wake zikufunika mutu wathunthu, ndipo mumupatse wolembayo nthawi yoti aulembe.