Mwana wanga ali pa rimandi, ndiulule amene anabadi?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wamasiye, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo ndimakhala m'komboni ina muno mumzinda wa Blantyre. Ndakulemberani chifukwa nkhani yomwe ndili nayo sindingathe kuikamba ndi anansi anga kapena amayi anzanga a kumpingo, poti m'dera lathu mawu amayenda msanga ndipo amafika ngakhale kwa anthu amene sakuyenera kuwamva.

Mwana wanga wamwamuna wa zaka 22 amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, ndipo njingayo ndi ya bwana wina amene amafuna ndalama yake tsiku lililonse. Usiku wina anyamata onyamula zikwanje anathyola golosale pafupi ndi kwathu, natema mlonda pamutu mpaka anakagonekedwa kuchipatala. M'bandakucha apolisi anabwera ndi galimoto n'kuyamba kutola mnyamata aliyense amene anamupeza pamsewu. Mwana wanga, amene amadzuka nthawi imeneyo kukanyamula amayi opita kukaoda katundu, anatengedwa limodzi. Poyamba anatiuza kuti ndi mlandu wa vakabu. Izi zinandidabwitsa, chifukwa ndinamva pa wailesi kuti mu 2017 bwalo lalikulu linathetsa gawo lina la lamulo la vakabu pa mlandu wa bambo Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, amene anamangidwa akupita kukagulitsa malonda awo ku Limbe m'mamawa. Kenaka mlandu unasintha n'kukhala wakuba moopseza, ndipo tsopano mwanayu ali kundende pa rimandi.

Bambo wina wothandiza anthu pa zamalamulo anandifotokozera kuti gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa aziperekedwa kubwalo la milandu asanathe maola 48, komanso kuti pa milandu yozengedwa m'mabwalo a majisitireti munthu sayenera kusungidwa masiku oposa 30 mlandu usanayambe, pokhapokha bwalo litawonjezera nthawiyo. Malire onsewa tinawadutsa kalekale. Tikapita kubwalo amatiuza kuti fayilo sinabwere, kapena kuti mboni sizinafike, kapenanso kuti galimoto yotenga akaidi ilibe mafuta. Pamwamba pa izi, munthu wina wodzitcha mkhalapakati anandipeza n'kundiuza kuti ndikapereka K150,000 mwana wanga atuluka, pamene ine ndikudziwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Sindinapereke, komatu achibale ena akundinena kuti ndikukonda ndalama kuposa mwana.

Ndikamuyendera ndimabwerako mtima utasweka. Thupi lonse latuluka mphere, akutsokomola, ndipo akuti usiku amagona chokhala, miyendo itapindidwa, wina atatsamira mnzake, zimene akaidi amati kugona pa shamba. Chakudya ndi kamodzi pa tsiku, choncho phindu lochepa limene ndimapeza pamsika likuthera pa nsima ndi ndiwo zomupititsira. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma, bwalo linalamula boma kuti lichepetse kuthithikana kwa anthu m'ndende, koma zimene maso anga aona zikusonyeza kuti anthu akadali opanikizana koopsa. Chimene chikundiopsa kwambiri n'chakuti mwana amene sanabepo ngakhale nkhuku akugona ndi kudzuka pakati pa mbava zenizeni, ndipo kalankhulidwe kake kayamba kusintha.

Tsopano ndifike pa chenicheni chimene chandilembetsa kalatayi. Anyamata amene anathyola golosale ija ndikuwadziwa, ndipo pafupifupi aliyense m'dera lathu akuwadziwanso. Mmodzi mwa iwo ndi mwana wa mayi amene tinayandikana nyumba, amene anandigwira mkono pa maliro a malemu amuna anga. Anyamatawa amakhala pamalo ena omwera kachasu ndi kusuta chamba, ndipo akuyenda momasuka masana dzuwa likuswa mtengo. Palibe amene akuyankhula, chifukwa bambo wina amene anakanena za gulu lomweli chaka chatha anaphwanyiridwa mawindo usiku mpaka anasamuka. Anthu amanong'onezana kuti ukakanena kupolisi, dzina lako limafika kwa wakubayo iwe usanafike kunyumba. Sindikunena kuti apolisi onse ndi oipa, ndipo ife osauka ndi amene timawafuna kwambiri, chifukwa tilibe mipanda ya njerwa kapena alonda a kampani monga anzathu a ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe. Timasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kulipira achitetezo a m'dera, amene naonso akagwira munthu amayamba ndi kumenya asanafunse.

Ndikatchula mayinawo kwa achitetezo a m'derawa, ndikuopa kuti anthu olusa angamuveke tayala mwana wa mnzanga uja n'kumuyatsa moto, monga zachitikira m'madera ena, ndipo magazi amenewo adzakhala pamutu panga. Ndikatchula kupolisi, ndikuopa zikwanje, poti m'nyumba ndatsala ndekha ndi ana aakazi awiri. Ndikakhala chete, mwana wanga akhoza kumangidwa zaka zambiri pa mlandu wa eni ake.

Chonde ndithandizeni. Kodi pali njira yoperekera mayinawa kwa akuluakulu apolisi popanda dzina langa kudziwika, ndipo umboni wotere ungathandizedi kuti mwana wanga atuluke? Ndinamva za bungwe la boma la Legal Aid Bureau limene limapereka maloya kwa anthu osauka, komanso la Independent Complaints Commission lolandira madandaulo okhudza apolisi. Ndiyambe kuti, ndipo kukadandaula mlandu usanathe sikungachititse kuti mwanayu azunzike kwambiri? Nanga mayi mnzanga uja ndimuuze maso ndi maso kuti ndikudziwa zimene mwana wake anachita, kapena kutero n'kudziika m'kamwa mwa ng'ona?

Ine wanu wodandaula,
Mayi wa ana atatu, Blantyre