Kalata yotseguka kwa aphungu a dera lathu kuno ku Nkhotakota

Olemekezeka a honalebo,

Ulemu wanu. Ndalemba pagulu chifukwa madandaulo omwe tinatumiza kudzera ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) angothera m'malere, tikaimba foni anyamata anu amangoti bwana ali ku Lilongwe.

Nkhani ndi mjigo wa m'mudzi mwathu. Unafa kalekale, vuto lake ndi mapaipi ndi marabala basi, koma mpaka lero amayi athu akutunga madzi ku Bua komwe ng'ona zimaothera dzuwa pamchenga pompo, wina akamatunga mnzake amaima ndi mtengo maso ali m'madzi, kumbuyo ana asukulu ali pamzere ndi zigubu kusanache. Kolera wa 2022 mpaka 2023 mmene anatisautsira kunyanja kuno mukudziwa inu. Ndiye titafunsa za ndalama za chitukuko cha dera (CDF) tcheya wanu wa eliya anatiyankha pamaso pa amfumu kuti poti pa chisankho chachipulula tinaima kumbuyo kwa shado wina, tikauze shado yemweyo atikonzere. Zoona bwana? Nsalu yachipani tavala ndi imodzi, ndipo pa chisankho chenichenicho voti tinakupatsani inuyo.

Sindikuti matenda a makampu m'chipaniwa munayambitsa ndinu ayi. A Bingu anatuluka UDF mu 2005 atayambana ndi a Muluzi nkuyambitsa DPP, mayi Joyce Banda atachotsedwa mu DPP mu 2010 kunabadwa PP, 2018 a Chilima ndi UTM, 2024 a Nankhumwa nawo kuchotsedwa. Ine ndimaona kuti nkhondo yake imakhala ya mpando basi, ndani alowa m'malo mwa ndani. Kuno kumudzi ndi zomwezo, akuluakulu amabwera ndi munthu wawo m'thumba, madeligeti kututidwa pa lole usiku, woluza kukwiya nkuima payekha, mpake mu 2019 aphungu oima paokha anakwana 55. Komanso chipani chikamadalira thumba la munthu mmodzi aliyense amathamangira komwe kuli envulopu.

Koma olipira ndi ife. Komiti ya sukulu inagawikana, mayina a feteleza wotsika mtengo akulembedwa moyang'ana nkhope, pamaliro makampu awiri kulimbirana maiki mtembo uli pomwepo, anyamata a pabanja limodzi sakupatsana moni.

Mutangopambana munaima pabwalo la sukulu nkunena kuti zamakampu zatha, mukhala phungu wa aliyense, mashado onse muwaitana mudyere mbale imodzi. Tinaomba m'manja mpaka amayi nthungululu. Mbale ija sitinaione.

Ndimakulemekezani, ndipo mwina zina anyamata anu amakubisirani, koma tsopano mwamva. Mjigo ukonzedwe mvula isanayambe Bua asanadzaze. Mndandanda wa zitukuko za CDF umatidwe poti aliyense awerenge, mudzi ndi mudzi. Ndipo tcheya uja mumuitane limodzi ndi a kampu inayo pamaso pa mafumu, inuyo mulipo, osati kutuma nthumwi.

Ine wanu,
Mlimi wa mpunga, Nkhotakota