Limbani, usagule chitsulo chilichonse ndisanafike

Mwana wanga Limbani,

Kuno ku Likuni tadzuka bwino, kupatula bondo la amako lomwe lija. Usiku wa dzulo foni inaduka usanamalize kundifotokozera za galimoto, ndipo nkhaniyo ndinagona nayo pamtima. Ndati ndilembe, kuti uwerenge utaima pafupi ndi boneti.

Zimene ndinamva ndi izi. Nissan Note yako inali bwinobwino Lachisanu. Loweruka unachotsa batire, unamasula paipi ya mpweya, unatsuka throttle body (pamene pali chitseko cholowetsa mpweya mu injini), unasintha sefa ya mpweya, kenako injini yonse unaithira madzi kuti iwale. Lamlungu popita kutchalitchi kanyale ka check engine kanayaka, galimoto ikaima injini ikulira mokweza ngati wina waponda moto, koma pamsewu ikukana kukoka. Ndiye wina ku Biwi wakuuza kuti throttle body yatha, ugule ina, ndipo mnzake akuti ndi pampu ya petulo. Ine ndikukana. Chitsulo chimene chinali chamoyo Lachisanu sichingasankhe kufa tsiku lomwelo limene iwe wachigwira. Vuto lili pamene panadutsa manja ako, ndipo tiyambire pamenepo.

Sindikukudzudzula. Fumbi la ku Area 25 m'chilimwe muno limatseka sefa msanga, ndipo ndinakondwa kumva kuti umadzigwirira wekha. Kungoti galimoto zimene ndinakuphunzitsira zinali za kabuleta. Ukaponda moto, waya unkakoka chitseko cha mpweya, basi. Yakoyi ilibe waya ameneyo. Phazi lako limangouza sensa, sensa imauza kompyuta, kompyutayo ndiyo imatuma kamota kakang'ono kuti katsegule chitseko. Ikangokayikira kuti imodzi mwa masensa ikuinamiza, imachepetsa mphamvu dala kuti galimoto isakuthawe.

Unati muvi woonetsa kuzungulira kwa injini ukumakakamira cha pa 2,400 ngakhale uponde mpaka pansi. Mawu amenewo ndi amene andipatsa chiyembekezo, chifukwa Nissan zambiri zimatero zikasiya kumva kuchokera ku sensa yoyeza mpweya, ija amati MAF. Ili pa paipi, pongotuluka m'bokosi la sefa. Zimitsa galimoto, chotsa kiyi, uzule pulagi yake n'kuiyang'ana mkati ndi tochi. Ona ngati muli madzi kapena kamwendo kopindika. Ukamaibwezera uikankhe mpaka umve kuti tha! Pulagi ikhoza kuoneka ngati yalowa pomwe yangokhala pakhomo. Uchite chimodzimodzi ndi pulagi ya pa throttle body.

Koma undiuze zoona: kodi mankhwala otsukira kabuleta aja unapoperako pa sensayo? Mkati mwake muli kachinthu kanthete kamene kamatenthedwa ndi magetsi, ndipo kompyuta imadziwa kuchuluka kwa mpweya poona mmene kakuzirira. Sikafuna chala, nsalu kapena burashi. Kali ndi mankhwala akeake olembedwa MAF pachitini. Umapopera uli chapatali, n'kukasiya kaume kokha.

Ukachoka apo, tsata paipi yakuda ija ndi dzanja, kuyambira pa sefa mpaka pa injini. Usadalire maso. Zomangira zonse ziwiri zikhale zothina, ndipo upapase kunsi, chifukwa mlomo wa paipi umakonda kupindikira mkati kumene suona. Finya m'makwinya mwake, rabala yakale imang'ambikira mmenemo. Timapaipi tating'ono tolowa m'mbali utiwerenge tonse, ndipo ngati unachotsa throttle body yonse, kumbuka ngati gasiketi inabwerera. Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera. Mpweya wolowera pamng'alu sensa sinauwerenge, ndiye mafuta amaperewera, injini n'kumatsamwa ukaponda. Liza injini pamalo a zii, utchere khutu, nthawi zina umamveka kuti tsiii.

Tsegulanso bokosi la sefa. Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira. Chaka chimene unabadwa ndinkayendetsa pikapu ya kuntchito, ndipo tsiku lina ndinatseka kukamwa kwa paipi ndi kasanza kuti fumbi lisalowe ndikutsuka. Wina anandiitana, pobwera ndinangomanga. Pikapu ija inalira bwino pabwalo, koma pamtunda wopita ku Dedza inkakwawa, utsi wakuda uli tolo. Tinagula mapulagi a moto atsopano, tinatsuka thanki, masiku awiri anatha. Kasanza kaja tinakapeza katakwinyana ngati mpira, kakuda bii, katatsamira pakhosi pa injini. Ndalama za masipeya anandidula pamalipiro, mwezi umene amako ankafuna matewera ako.

Zonsezi zikakhala bwino koma injini n'kumalirabe mokweza itaima, ndiye kuti kompyuta ikufunika kuphunziranso. Kwa zaka zambiri mwaye unkaunjikana m'mphepete mwa chitseko, ndipo kompyuta inazolowera kuchitsegula mowonjezerako kuti mpweya ukwane. Iwe wachotsa mwayewo tsiku limodzi, mpweya ukudutsa wambiri, iyo ikuyendabe ndi muyeso wakale. Yamba ndi chapafupi: phazi lisakhale pa chopondera moto, tsegula kiyi osaliza injini, dikira masekondi 2, tseka, dikira masekondi 10, ubwereze. Ukatseka kiyi umvetsere, kamota kaja kamamveka kakusuntha. Palinso njira yophunzitsira injini kalilidwe kake itaima, yoponda chopondera kasanu m'masekondi 5 injini itatentha, magetsi ndi fani zitazima. Imeneyo imafuna wotchi m'manja, ukaphonya pang'ono umayambiranso, choncho ndi bwino makaniko aichite ndi makina. Injini ikatentha, muvi uyenera kukhazikika cha pakati pa 600 ndi 800. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Ndipo chitseko chija usachikankhenso ndi chala kiyi ali wotsegula. Mkati muli magiya osalimba, komanso kamotako kakhoza kukupana.

Madzi aja akundidetsa nkhawa. Amatsikira m'mayenje a mapulagi n'kukhala mmenemo. Ngati injini ikunjenjemera, zula makoyilo, zija zokhala pamwamba pa mapulagi a moto, limodzilimodzi uone ngati anyowa, uumitse. Kanyale kaja kakayamba kuphethira m'malo mongoyaka, ima pomwepo. Ndiye kuti petulo akutuluka osapsa, ndipo amakaotcha catalytic converter, chosefa utsi cha m'paipi ya ekizozi, chinthu chodula kuposa zonse tikukambazi.

Kwa makaniko upite, koma kwa amene ali ndi makina owerengera. Polumikizira pake pali kunsi kwa chiwongolero. Umuuze kuti asafufute kanthu usanalembe manambala papepala. P0102 ikuloza ku sensa ya mpweya kapena pulagi yake, P0171 ndi mafuta operewera, kawirikawiri chifukwa cha mpweya wakuba uja, P0507 ndi injini yolira mokweza itaima, P0300 mpaka P0304 ndi moto wophonya m'masilinda. P2135 imanena kuti masensa awiri a throttle sakugwirizana, koma ngakhale pamenepo ayambe kuyeza pulagi ndi mawaya. Nambala imaloza dera, sikuti imalamula kugula. Umuuzenso zonse zimene unachita Loweruka, usabise chifukwa cha manyazi.

Chimene ndikukupempha ndi mtima wonse n'chakuti usalowe nayo mu M1 ili chonchi, makamaka uli ndi ana. Pa Kanengo pamadzaza mathiraki, ndipo galimoto yokana kukoka pamene watuluka kale kuti upitirire inzake imakusiya pakati pa msewu. Sabata ino kwera minibasi.

Loweruka m'mawa ndibwera ndi masipanala anga ndi tochi. Chitini cha mankhwala amene unagwiritsa ntchito usataye, ndikufuna ndichione, pamodzi ndi sefa yakale ija. Amako akuti atumiza ufa ndi nkhwani wofutsa. Upereke moni kwa amake Tadala ndi adzukulu anga.

Ndine bambo ako.